Khadi la Oyster ndi mayendedwe a mu London: zimene wophunzira wongofika kumene ayenera kudziwa

Pa zinthu zonse zimene wophunzira amalipira mlungu wake woyamba mu London, mayendedwe ndi amene amadya ndalama mwakachetechete. Lendi ya chipinda mumaidziwiratu musananyamuke, fizi nayonso imakhala italembedwa kale, koma ndalama za sitima ndi basi zimachoka pang'onopang'ono pa geti lililonse. Ndiponso masiku oyambawo ndi amene munthu amayenda kwambiri: kukalembetsa ku yunivesite, kukatsegula akaunti ku banki, kukagula zofunda ndi mapoto, kenaka kukaona mtsinje wa Thames ndi maso ake. Ndemanga yathu pa mayendedwe amene amayendetsedwa ndi bungwe la Transport for London, lomwe aliyense amangoti TfL, ndi yakuti ndi abwino kwambiri ndipo amafika paliponse, koma ndi okwera mtengo, ndipo makina ake sakhululukira munthu amene sakudziwa malamulo ake. Chomvetsa chisoni n'chakuti ndalama zambiri zimene alendo amataya sizipita pa maulendo enieni ayi, zimapita pa zolakwitsa zing'onozing'ono zopeweka.

Oyster ndi khadi la pulasitiki la buluu limene linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2003. Mumaikamo ndalama, mpaka £90, ndipo nthawi iliyonse mukakwera, makina amadulamo mtengo wa ulendowo. Limagwira pa sitima zapansi pa nthaka zotchedwa Tube, pa mabasi, pa njanji zina za TfL zotchedwa DLR, Overground ndi Elizabeth line, pa matiramu ndi pa sitima zambiri za National Rail (njanji za dziko lonse) zoyenda mkati mwa London. Limagulidwa pa makina a matikiti pa siteshoni iliyonse ya Tube, kuphatikizapo za ku bwalo la ndege la Heathrow, komanso m'timashopu togulitsa nyuzipepala tokhala ndi chikwangwani cha Oyster pa khomo. Khadi lenilenilo lili ndi mtengo wake wapadera, ndipo kuyambira mu 2022 ndalama imeneyo sibwezedwa, choncho musagule awiri kapena atatu chifukwa choiwala loyamba m'thumba la jekete lina.

Njira ina ndi kugunditsa khadi la ku banki kapena foni pa geti, ndipo mtengo wa ulendo ndi womwewo. Kwa munthu wongofika kumene, njira imeneyi ili ndi msampha. Khadi la banki ya kunja kwa UK nthawi zina limakanidwa pa geti, ndipo likalandiridwa, banki yanu imatha kuonjezera ndalama zake zosinthira pa zimene TfL yadula tsiku limenelo. Mpaka mutatsegula akaunti ya ku UK, Oyster wamba ndiye wodalirika. Pali chifukwa chinanso chachikulu: kuchotsera mtengo kwa ophunzira ndi achinyamata kumaikidwa pa Oyster pokha, pa khadi la ku banki sikutheka. Tikiti ya pepala ya ulendo umodzi musaiyandikire n'komwe. Mu 2025 inali £7 pa ulendo wa mkati mwa Zone 1, chigawo cha pakati penipeni pa mzinda, umene pa Oyster unali wosafika £3.

Ulendo woyamba umakhala wochoka pa bwalo la ndege. Kuchokera ku Heathrow, yomwe ili mu Zone 6, sitima yotsika mtengo ndi ya Tube ya pa njanji ya Piccadilly, ndipo imatenga pafupifupi ola limodzi kufika pakati pa mzinda. Mabogi ake ndi aang'ono, denga ndi lotsika, ndipo masiteshoni ambiri apakati ali ndi masitepe, zomwe ndi chintchito kwa munthu wa masutikesi awiri. Green Park ndi King's Cross St Pancras zili ndi zikepe, ndipo ngati mukufuna kusinthira ku njanji ya District, chitani zimenezo pa Hammersmith kapena pa Barons Court pomwe mumangodutsa pulatifomu yomweyo osakwera sitepe. Elizabeth line, yomwe inatsegulidwa mu Meyi 2022, ndi yokwererapo mtengo koma ndi yachangu, yotakasuka, ndipo masiteshoni ake onse ali ndi njira yopanda masitepe kuchokera mumsewu kufika pa pulatifomu. Kwa munthu wa katundu wolemera, ndalama yoonjezerayo ndi yoyenera. Heathrow Express imafika ku Paddington m'mphindi 15, koma mtengo wake si wa wophunzira. Pa mabwalo ena a ndege, ku Gatwick Oyster imagwira. Ku Stansted ndi ku Luton sigwira, ndipo amene walowa nayo sitima mu London kupita kumeneko amakakumana ndi chindapusa potuluka.

Lamulo limene limapweteketsa anthu ambiri ndi la kagunditsidwe ka khadi. Pa geti lililonse pali kambale kachikasu kozungulira. Pa Tube, DLR, Overground, Elizabeth line ndi National Rail mumagunditsa polowa, n'kugunditsanso potuluka, chifukwa makina amawerengera mtengo poona pamene mwayambira ndi pamene mwathera. Akangoona mbali imodzi yokha, amakudulani mtengo wapamwamba kwambiri, ndipo ndalama imeneyo siwerengedwa pa malire a ndalama zimene mungalipire pa tsiku. Pa masiteshoni okhala ndi mageti n'kovuta kuiwala chifukwa geti silitseguka. Vuto lili pa DLR ndi pa masiteshoni ena akunja kwa mzinda kumene kulibe mageti: kambale kaja kamangokhala pa kamtengo kachitsulo pafupi ndi masitepe, munthu n'kukadutsa osakaona. Komanso madzulo kwambiri mageti ena amasiyidwa otsegula. Geti lotsegula si chilolezo chongodutsa, gunditsanibe, ndipo dikirani kuwala kobiriwira ndi kulira kamodzi. Pa basi ndi pa tiramu ndi zosiyana, mumagunditsa pokwera pokha.

Mukapezeka m'sitima mulibe khadi logunditsidwa bwino, chindapusa chake kuyambira mu Malichi 2024 ndi £100, ndipo chimatsika kufika pa £50 mukalipira pasanathe masiku 21. Oyendera matikiti amakwera mwadzidzidzi, makamaka pa DLR ndi m'mabasi.

Zolakwitsa zina zitatu zimabwera kawirikawiri. Choyamba ndi kugunditsa chikwama chonse cha m'thumba muli makhadi angapo. Makina amatha kuwerenga Oyster polowa, n'kuwerenga khadi la ku banki potuluka, ndiye kuti mwalipira mtengo wapamwamba kawiri pa ulendo umodzi. Tulutsani khadi limodzi, ligwireni palokha. Chachiwiri chimagwera ogwiritsa ntchito foni: khadi la pulasitiki ndi khadi lomwelo loikidwa mu foni, makina amaziona ngati zinthu ziwiri zosiyana, choncho chimene mwalowera n'chimene muyenera kutulukira, ndipo batire ikathera m'njira mulibe umboni woti munalipira. Chachitatu ndi kufuna kulipirira mnzanu pa khadi lanu. Sizitheka, aliyense ayenera kukhala ndi lake. Palinso nthawi imene ulendo uyenera kutha. Mukalowa geti n'kukhala pa pulatifomu nthawi yaitali mukucheza kapena mukuzungulira ndi sitima kuti muone malo, makina amaganiza kuti ndi maulendo awiri osamalizidwa.

Ubwino wake ndi wakuti zolakwitsa zoterezi zimakonzeka ngati khadi lanu munalilembetsa pa webusaiti ya TfL. Chitani zimenezi tsiku loyamba lomwelo. Mukalembetsa mumaona ulendo uliwonse ndi mtengo wake, mumatha kupempha kuti akubwezereni ndalama za ulendo wosamalizidwa pasanathe milungu 8, ndipo khadi likatayika amaliletsa n'kusamutsa ndalama zotsalazo. Khadi losalembetsa likatayika, ndalama zapita nalo limodzi.

Tsopano za mitengo. London inagawidwa m'zigawo zozungulira ngati mphete, kuyambira Zone 1 pakati penipeni mpaka Zone 9 kunja kwenikweni, ndipo mtengo wa sitima umadalira zigawo zimene mwadutsa ndi nthawi imene mwagunditsa polowa. Nthawi yodula, imene amati peak, ndi Lolemba mpaka Lachisanu kuyambira 6:30 mpaka 9:30 m'mawa ndi 4:00 mpaka 7:00 madzulo. Nthawi ina yonse, pamodzi ndi Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi, ndi off-peak. Mu 2025 ulendo wochoka mu Zone 2 kulowa mu Zone 1 unali £3.50 pa peak ndi £2.90 pa off-peak. Ofika pa geti 9:27 angachite bwino kuima pambali mphindi zochepazo. Chinthu chimene ambiri sadziwa n'chakuti ngati mukuchokera kunja kulowa mu Zone 1 pakati pa 4:00 ndi 7:00 madzulo mumalipira mtengo wa off-peak, chifukwa khamu la anthu limakhala likutuluka mumzinda. Mitengo imasintha pafupifupi chaka chilichonse m'mwezi wa Malichi, choncho yang'anani ya chaka chimene mwafika.

Chimene chimatonthoza mtima pa masiku oyendayenda ndi malire a tsiku. Mukafika pa ndalama inayake, maulendo otsala a tsiku limenelo ndi aulere. Kwa woyenda mu Zone 1 ndi 2 malire amenewa anali £8.90 mu 2025, ndipo a mlungu, owerengedwa kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu, anali £44.70. Tsiku la TfL limayamba 4:30 m'bandakucha n'kutha 4:29 m'bandakucha wotsatira, ndiye basi ya 1 koloko usiku imawerengedwa ku tsiku la dzulo. Nzeru yake ndi yakuti malo onse akutali amene mukufuna kuona muwaike pa tsiku limodzi, masiku enawo muziyenda pansi m'dera lanu. Maboti a pa Thames ndi ngolo zam'mwamba zoyenda pa chingwe ku Greenwich Peninsula zimalandira Oyster koma sizilowa m'malire amenewa. Njinga zobwereka za Santander sizilandira Oyster n'komwe.

Pa masiteshoni ena monga Highbury & Islington, Stratford, Canada Water ndi Whitechapel mudzaona kambale kapinki pa pulatifomu. Ntchito yake ndi kuuza makina kuti mwazungulira mzinda osadutsa mu Zone 1. Mukasintha sitima pamenepo n'kusagunditsa, pa maulendo ena makina amaganiza kuti mwadutsa pakati, n'kukudulani zambiri.

Basi ndiye gawo limene tikuliyamikira ndi mtima wonse, ndipo kwa munthu amene akufuna kuudziwa mzinda imaposa Tube kutali. Ilibe zigawo. Mtengo unali £1.75 mu 2025 kaya mukuyenda masiteji awiri kaya mukuoloka London yonse, ndipo pasanathe ola limodzi chigunditsireni koyamba mutha kusintha mabasi ndi matiramu kangati konse osalipiranso. Dongosolo limeneli, lotchedwa Hopper, linayamba mu 2016. Wokwera mabasi okhaokha sankapitirira £5.25 pa tsiku. Ndalama za m'manja mabasi anasiya kulandira mu 2014, dalaivala sangakuthandizeni ngakhale mutamuonetsa mapaundi. Ngati ndalama za pa Oyster zatsala zosakwanira, makina amakulolani kukwera ulendo umodzi wangongole, kenaka khadi limaima mpaka mutaikamo zina.

Kwerani m'chipinda chapamwamba, mukhale mpando wakutsogolo. Basi nambala 24 imachoka ku Hampstead Heath, kudutsa Camden Town, kutsika mpaka Trafalgar Square, kulowa mu Whitehall, kudutsa pa Westminster pomwe pali nyumba ya malamulo, n'kukathera ku Pimlico. Nambala 15 imakutengani kuchokera cha ku Trafalgar Square kudutsa pa tchalitchi chachikulu cha St Paul's mpaka ku Tower of London. Nambala 9 imadutsa Hyde Park Corner ndi Royal Albert Hall. Malo amene mabasi a alendo odzaona malo amalipiritsa mapaundi ambirimbiri, inu mumawaona pa mtengo wa ulendo umodzi, ndipo mumayamba kuzindikira kuti dera ili limalumikizana bwanji ndi linzake. Kumbukirani zochepa izi: pa malo amodzi pamakhala masiteji angapo, iliyonse ndi chilembo chake pamwamba pa chikwangwani, choncho tsatani chilembo chimene foni yakupatsani; basi ikamabwera tambasulani dzanja, apo ayi itha kukudutsani; lowerani khomo lakutsogolo; ndipo dinani belu siteji yanu isanafike. Kuipa kwake ndi kuchedwa. Masana pakati pa mzinda basi imakwawa, ndipo nthawi zina imathera panjira dalaivala n'kulengeza kuti aliyense atsike. Tsiku la mayeso musaidalire.

Tube ndi yachangu zedi, pa njanji ya Victoria sitima imabwera mphindi ziwiri zisanathe pa nthawi ya khamu. Tube ili ndi njanji 11 ndi masiteshoni 272, ndipo mbali yake yakale kwambiri inatsegulidwa mu 1863. Mapu ake, amene Harry Beck anajambula n'kutuluka mu 1933, ndi osavuta kuwerenga koma saonetsa mtunda weniweni. Leicester Square ndi Covent Garden zimaoneka ngati ulendo, chonsecho n'zotalikirana mamita osafika 300, ndipo ku Covent Garden mumatuluka pa chikepe chodzaza kapena kukwera masitepe 193. Mu Zone 1, ngati ulendo ndi wa siteshoni imodzi kapena ziwiri, yendani pansi. Wophunzira wa ku UCL, SOAS kapena LSE atha kufika ku British Museum wapansi, ndipo kuchoka pamenepo kupita ku National Gallery ndi mphindi ngati 15 kapena 20. Malo awiri onsewa kulowa ndi kwaulere, monganso Tate Modern ndi Natural History Museum ya ku South Kensington.

Posankha pulatifomu, zikwangwani zimalemba mbali imene sitima ikulowera, kumpoto, kummwera, kummawa kapena kumadzulo, ndipo m'munsi mwake pamakhala mndandanda wa masiteshoni. Werengani mndandandawo, musangothamangira sitima imene yaima. Njanji zina zimagawikana. Northern ili ndi nthambi ziwiri pakati pa mzinda, ina yodzera ku Bank ina yodzera ku Charing Cross. District imamwazikana pa Earl's Court. Piccadilly imagawikana pa Acton Town, ina kupita ku Heathrow ina ku Uxbridge, ndipo wolakwitsa pamenepa pa tsiku la ulendo wa pandege amalira. Dzina la kumene sitima ikukathera limalembedwa kutsogolo kwake ndi pa bolodi la magetsi. Pa masitepe oyenda okha imani kumanja, kumanzere n'kwa othamanga. Dikirani otsika atuluke musanalowe, ndipo chikwama cha kumsana chivuleni m'sitima yodzaza.

Zodandaulitsa zilipo ndithu. Njanji zakuya monga Central ndi Bakerloo zilibe makina oziziritsa, ndipo m'chilimwe mumatentha kwambiri, tengani madzi. Phokoso la njanji m'malo ena limagonthetsa m'khutu. Masiteshoni a Tube opanda masitepe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu okha, zomwe ndi vuto lenileni kwa wophunzira woyenda pa njinga ya olumala. Loweruka ndi Lamlungu mbali zina za njanji zimatsekedwa pokonza, ndipo ogwira ntchito akanyanyala mzinda wonse umasokonekera. Apu ya TfL Go kapena ya Citymapper imakuuzani zimenezi musanatuluke m'nyumba. Sitima zomaliza zimachoka pakati pa mzinda cha m'ma 12 koloko usiku kapena kupitirira pang'ono. Lachisanu ndi Loweruka usiku wonse pamayenda sitima pa Victoria, Jubilee ndi mbali zina za Central, Northern ndi Piccadilly. Masiku ena onse mudalire mabasi ausiku, ambiri mwa iwo nambala yawo imayamba ndi N.

Nkhani imene imasokoneza ophunzira kwambiri ndi ya khadi lotchedwa 18+ Student Oyster photocard. Ambiri amalithamangira poganiza kuti ulendo uliwonse utsika mtengo. Sizili choncho. Limachotsera 30 peresenti pa matikiti a nyengo okha, ndiye kuti Travelcard kapena Bus & Tram Pass ya mlungu, ya mwezi kapena kupitirira apo. Mukamalipira ulendo umodziumodzi, mtengo ndi wa munthu wamkulu aliyense. Kuti mulipeze muyenera kukhala ndi zaka 18 kapena kuposerapo, kukhala pa adiresi ya mu London nthawi ya sukulu, ndi kukhala mutamaliza kulembetsa pa sukulu imene ili m'dongosololi, pa maphunziro a milungu yosachepera 14. Mumafunsira pa intaneti, n'kupereka chithunzi cha nkhope, nambala yanu ya sukulu, masiku oyambira ndi otsirizira maphunziro, ndi ndalama pafupifupi £20. Yunivesite ikatsimikiza m'pamene khadi limatumizidwa pa positi. Likachedwa, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chakuti munthu anafunsira asanamalize kulembetsa, kapena dzina ndi masiku amene analemba zikusiyana ndi zimene sukulu ili nazo. Mulimonsemo, masiku oyamba simudzakhala nalo, n'chifukwa chake Oyster wamba ndi wofunika.

Kwa ophunzira ambiri, makamaka a digiri yachiwiri amene amalowa m'kalasi masiku awiri kapena atatu pa mlungu, chopindulitsa kwambiri ndi 16-25 Railcard, khadi lochotsera mtengo wa sitima la anthu a zaka 16 mpaka 25, lomwe mu 2025 linali £35 pa chaka. Wopitirira zaka 25 amathanso kuipeza ngati ali pa maphunziro a tsiku lonse ndipo sukulu yamusainira. Mukaigula, pitani nayo pa siteshoni ya Tube pamodzi ndi Oyster wanu, mupemphe wogwira ntchito amene amaima pafupi ndi makina a matikiti kuti aziphatikize. Zimatenga mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo kuyambira pamenepo maulendo a sitima a off-peak amatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, malire a tsiku a off-peak nawonso amatsika. Pa basi sichotsera kanthu, pa peak sichotseranso. Railcard ikatha chaka n'kugula ina, muyenera kukaphatikizanso, apo ayi kuchotsera kumangosiya popanda wokuuzani. Railcard yomweyo imatsitsanso matikiti a sitima zopita ku Oxford, Brighton kapena Edinburgh.

Masamu ake ndi awa, potengera mitengo ya 2025 ya Zone 1 ndi 2. Wopita ku sukulu masiku 5 pa mlungu, kupita ndi kubwera pa peak, amalipira £35 pa maulendo 10 amenewo okha, pamene Travelcard ya mlungu ya wophunzira inali pafupifupi £31 ndipo imakwanira maulendo onse a madzulo, a Loweruka ndi Lamlungu, ndi mabasi a London yonse posatengera chigawo. Kwa ameneyu photocard ndi yaphindu, makamaka akagula ya mwezi. Koma wopita masiku atatu pa off-peak ali ndi Railcard amalipira pafupifupi £1.90 pa ulendo, zomwe sizifika £12 pa mlungu, ndipo kugula Travelcard kungakhale kutaya ndalama. Wokhala kufupi ndi sukulu kapena pa msewu wa basi imodzi yolunjika safunika chilichonse mwa ziwirizi pa maulendo a tsiku ndi tsiku. Choncho mlungu woyamba ikani £25 kapena £30 pa Oyster wamba, lembetsani khadilo, yendani nalo mukuona mmene ndalama zikuchokera, ndipo tikiti ya mwezi mudzaigule mutalandira ndandanda ya makalasi anu n'kudziwa masiku ndi maola amene muzidutsa pa geti.